Otithandiza akufuna mayina ndi zithunzi za ana omwe timawapatsa uphungu: tipereke?

Funso: Ndimayendetsa kabungwe kakang'ono kuno ku Zomba. Timathandiza ana omwe akuzunzidwa ndi anzawo kusukulu komanso pafoni. Timawamvetsera, timawapatsa uphungu, pena timakaonana ndi aphunzitsi. Thandizo lomwe tinkadalira linatha, tili ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu, ndipo alangizi athu awiri akugwira ntchito osalandira kanthu. Pano kwapezeka bungwe lakunja lofuna kutithandiza, koma likuti tilipatse mndandanda wa ana onse, mayina awo, sukulu zawo, manambala a foni za makolo, komanso nkhani za ana asanu zokhala ndi zithunzi. Ena a m'bodi akuti tingopereka, poti tikatseka ofesi ana omwewo ndi amene avutike. Ahedi a sukulu ina nawonso akundikakamiza kuti ndiwauze mwana yemwe anadzadandaula. Nditani? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, zikomo pofunsa musanatumize kanthu. Ambiri amabwera kwa ine mafayilo atapita kale, ndiye timangokambirana za momwe tipepesere.

Ndiyambe ndi yankho lenilenilo. Mayina, manambala a foni ndi zithunzi za anawo musapereke. Koma thandizolo musalitayenso. Mwa zomwe ndaona pa ntchito imeneyi, chimene bungwelo likusowa si dzina la mwana ayi. Likusowa umboni woti ntchito mukugwiradi ndipo ndalama sizikulowa m'matumba. Umboni wotero ulipo, ndipo mutha kuupereka popanda kuulula mwana ndi mmodzi yemwe.

A m'bodi anuwo sindikuwaweruza. Khoswe wakhala pamkhate, ndipo mantha awo ndi oona. Chomwe akuiwala n'chakuti zomwe zili m'mafayilo mwanumo si katundu wa bungwe ngati mipando ndi kompyuta. Ndi za anawo. Anakusungitsani basi. Mtsikana wa fomu 1 amene anakuuzani kuti anzake a kuhositelo anapeza botolo la ma ARV m'chikwama chake n'kuyamba kumuimba nyimbo, anakuuzani chifukwa munamutsimikizira kuti nkhaniyo ithera m'chipinda chomwecho. Mnyamata wachialubino amene amamutchula mayina onyoza pa bwalo la mpira, chimodzimodzi. Chinthu chosungitsidwa sulipirira ngongole yako, ngakhale ngongoleyo ikhale yoona bwanji.

Palinso malamulo, ndipo ndi bwino muwatchule pa msonkhano wa bodi kuti nkhaniyi isaoneke ngati chifundo cha mayi mmodzi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa munthu aliyense wosungiridwa chinsinsi, ndipo gawo 23 limakamba za ufulu wa ana. Chichokereni kusintha kwa malamulowa mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutanthauza kuti ambiri mwa ophunzira a sekondale omwe mumawathandiza ndi ana pamaso pa lamulo. Lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo. Lina ndi la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamulo limeneli limakhudza aliyense wosonkhanitsa ndi kusunga mbiri za anthu, mabungwe omwe si aboma ali momwemo. Mfundo zake n'zosavuta kumva: tolerani zokhazo zomwe mukuzifunadi, zigwiritseni ntchito pa cholinga chomwe munanena potolera, zisungeni motetezeka, ndipo samalani koposa ndi mbiri ya ana ndi ya zaumoyo. Kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko kulinso ndi malamulo ake. Munatenga nambala ya foni ya kholo kuti muzilumikizana nalo pa za mwana wake, osati kuti ikakhale mu kompyuta ya ofesi ina kutsidya kwa nyanja.

Tsopano ndikuuzeni chomwe ambiri a m'mabungwe ang'onoang'ono sadziwa. Pafupifupi mabungwe onse akuluakulu opereka thandizo pa ntchito za ana ali ndi ndondomeko yawoyawo yoteteza ana, yolembedwa bwino, ndipo kawirikawiri imaletsa zomwe akupemphanizo. Pempho la zithunzi nthawi zambiri limachokera kwa wogwira ntchito yofalitsa nkhani, amene akufuna nkhope yoika pa lipoti lapachaka. Pempho la mndandanda limachokera kwa wolondoloza ntchito, amene anangotenga fomu yomwe amagwiritsa ntchito pogawa feteleza kapena ufa. Pogawa ufa, mayina amafunikadi. Pa uphungu ayi. Choncho kalata yanu yoyamba isakhale yokana. Apempheni akutumizireni ndondomeko yawo yoteteza ana ndi ya kasungidwe ka mbiri za anthu, muiwerenge, kenako muwayankhe ndi mawu awo omwe. Ndaonapo pempho lotere likubwezedwa m'sabata imodzi, wolembayo atapepesa.

Koma musapite chimanjamanja. Kukana kokha sikubweretsa lendi. Muwaonetse zomwe mungapereke m'malo mwake.

Mwana aliyense mumpatse nambala. Dzina ndi nambala zikumane m'kaundula mmodzi yekha, wokhala m'kabati yokiya, kiyi ali ndi anthu awiri basi. Fayilo ya uphungu izingokhala ndi nambala. Kwa opereka thandizo muzitumiza chiwerengero: ana angati mwezi uno, anyamata angati, atsikana angati, a msinkhu wanji, nkhanza za mtundu wanji, angati abwerera m'kalasi, angati mwawatumiza kuchipatala kapena ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Akafuna kutsimikiza kuti anawo si a m'maloto, atumize munthu wawo kapena wofufuza za kayendetsedwe ka chuma. Afike ku ofesi kwanu, asaine kalata yolonjeza kusunga chinsinsi, asankhe yekha manambala angapo, muwaonetse mafayilo mayina ataphimbidwa, aone masiku ndi siginecha za alangizi. Asajambule, asatuluke ndi pepala. Muthanso kupempha ofesi ya chisamaliro cha anthu ya boma la Zomba kuti ikulembereni kalata yochitira umboni ntchito yanu, ngati mwakhala mukugwira nayo ntchito. Kalata yotero imalemera kuposa zithunzi zisanu.

Pa chiwerengero pomwepa pali msampha. Kuchotsa dzina sikokwanira. Mukalemba kuti "mtsikana wachialubino wa fomu 2 pa sukulu yogonera komweko kufupi ndi Domasi", mwamutchula kale. Zomba ndi yaing'ono, Mayi. Wa kabaza wa ku Chinamwali, wogulitsa tomato ku Mpondabwino ndi mphunzitsi wa ku Matawale amapezeka pa maliro amodzi. Ngati gulu lina lili ndi ana ochepa kwambiri, liphatikizeni ndi lina. Dzina la sukulu musalembe, lembani dera lalikulu.

Za nkhani zisanuzo, pali njira ziwiri zomwe ndimazivomereza. Yoyamba ndi nkhani yophatikiza: mutenge zomwe zachitikira ana angapo n'kupanga nkhani imodzi, musinthe msinkhu, malo ndi zina zozindikiritsa, ndipo mulembe poyera pansi pake kuti nkhaniyi ndi yophatikiza pofuna kuteteza ana. Kulemba poyerako n'kofunika, apo ayi mwayamba bodza. Yachiwiri ndi achinyamata omwe munawathandiza kale, omwe tsopano apitirira zaka 18 ndipo akufuna okha kulankhula. Amakhalapo. Ena amanyadira kunena kuti ndinadutsamo ndipo ndili pano. Koma muwauze momveka kuti chinthu chikalowa pa intaneti sichibwezeka.

Wina m'bodi adzanena kuti, bwanji tingopempha chilolezo kwa makolo? Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu a mitima yabwino amagwera. Kholo lomwe mwana wake akuthandizidwa mwaulere silingakukaneni. Lidzasaina kapena kudinda chala chifukwa cha ulemu, chifukwa choopa kuti mwana asiya kuthandizidwa, kapena poganiza kuti chithunzicho chibweretsa fizi. Mwana nayenso sangakane pamaso pa mlangizi amene anamupukuta misozi. Siginecha ilipo, koma ufulu wokana panalibe. Ndiponso ana ena anabwera kwa inu makolo asakudziwa. Mukapita kukapempha chilolezo, mwaulula kale.

Ine ndinalakwitsapo pamenepa, zaka zapitazo, ndikugwira ntchito m'bungwe lina lomwe sindilitchula. Tinkafuna thandizo ngati inuyo. Tinajambula mtsikana wina chakumbuyo, nkhope osaoneka, mayi ake atavomera. Tinkati tasamala. Koma yunifolomu inaoneka, chikwama chake chinaoneka, ndi mtengo wa pakhomo la sukulu. Chithunzicho chinaikidwa pa Facebook, ndipo pasanathe masiku ambiri chinali m'mafoni a ana omwe ankamuzunza aja. Anamupatsa dzina latsopano. Sanabwerenso kwa ife, ndipo anzake awiri omwe ankabwera naye anasiyanso. Madzi akatayika saoleka. Ndalama tinalandira, koma pa sukulu imeneyo panatenga nthawi yaitali kuti mwana wina atikhulupirirenso. Mpaka lero ndikaona chithunzi cha mwana pa chikalata chopemphera thandizo, ndimayamba ndayang'ana yunifolomu.

Ndiye muwauze a m'bodi kuti nkhani ya chinsinsi ndi nkhani ya ndalama yomwe. Chuma cha bungwe la uphungu ndi chikhulupiriro cha ana. Akamva kuti ku ofesi ija nkhani zimatuluka, sabwera, ndipo chaka chamawa mudzasowa ngakhale chiwerengero cholemba mu lipoti.

Tibwere kwa ahedi. N'kutheka kuti cholinga chawo n'chabwino, akufuna kulanga olakwa. Koma dzina likangotuluka mu ofesi mwawo, ngakhale mwangozi, mwana uja akagona m'hositelo imodzi ndi omwe wawanenera, magetsi atazima, inu muli kunyumba. Ana a sukulu zogonera konko amadziwa bwino zomwe zimamuchitikira wa fomu 1 amene wadziwika kuti ndi kazitape. Ahedi muwapatse zomwe angagwirepo ntchito: kuti nkhanza zikuchitika kumabafa mamawa, kapena kuhositelo akaweruka ku maphunziro a usiku, kuti ana a makalasi apamwamba akulanda anzawo ndiwo ndi sopo, kuti pali gulu la pa WhatsApp momwe akutumiziranamo zithunzi zonyoza. Mphunzitsi wogonera pasukulu kapena matroni akaima pa malo amenewo pa nthawi imeneyo, agwira olakwa ndi maso ake, popanda wonenera. Ngati mwanayo akufuna yekha kuti akaonekere kwa ahedi, mukambirane naye kaye za chitetezo chake, ndipo mupite naye limodzi. Kutsogoloku, musanayambe ntchito pa sukulu iliyonse, muzilemberana kaye mgwirizano wonena kuti mayina a ana odandaula simupereka. Zimachepetsa mikangano.

Komabe chinsinsi chili ndi malire, ndipo ndikanakhala wosakhulupirika ndikanapanda kunena. Mwana akakuuzani kuti wagwiriridwa, kuti wamkulu wina akumuchita zachipongwe, kuti wavulazidwa kwambiri, kapena kuti akuganiza zodzipha, simungakhale chete. Lamulo la 2010 lija limapereka udindo kwa osamalira ana, achibale ndi anthu a m'dera wokanena mwana akamachitiridwa nkhanza. Kokanena ndi ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndi kuchipatala. Pa nkhani yogwiriridwa, mwana afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Zoopsezana ndi kunyozana pa foni nazo zili ndi lamulo lake, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Chachikulu n'chakuti malire amenewa mwana awamve tsiku loyamba, asanayambe kufotokoza. Ine ndimati: "Zomwe undiuze zithera muno. Koma ndikaona kuti moyo wako kapena wa wina uli pachiopsezo, ndidzafuna thandizo kwa ena, ndipo ndidzayamba ndakuuza iweyo." Mwaona kusiyana kwake. Chinsinsi chimatsegulidwa pofuna kupulumutsa mwanayo, kwa anthu okhawo omwe angamupulumutse. Lendi siili m'gulu limenelo.

Tsopano gawo lomwe simunafunse koma likundidetsa nkhawa kuposa bungwe lakunjalo. Bungwe likasauka, zinsinsi sizituluka pakhomo, zimatulukira m'ming'alu. Foni ya ofesi ikatha mayunitsi, mlangizi amayamba kugwiritsa ntchito yake, ndipo madzulo foni yomweyo ili m'manja mwa mwana wake kapena mwamuna wake. Mauthenga a ana ali momwemo. Inki ikatha, wina amatenga fulashi kukapulintitsa m'tauni, fayilo n'kutsala pa kompyuta ya eni shopu. Laputopu ikawonongeka imapita kwa wokonza ili ndi zonse. Lendi ikavuta mumasamukira m'chipinda chogawana ndi bungwe lina, chotchinga ndi pulayiwudi, mawu akumveka mbali zonse. Ndipo mlangizi amene wakhala miyezi osalandira, tsiku lina adzapeza ntchito kwina n'kuchoka ndi foni yodzaza nkhani za ana. Si kuti ndi woipa. Palibe anamuuza choti achite nazo.

Zambiri mwa izi kukonza kwake sikufuna ndalama. Foni imodzi yotsika mtengo ikhale ya ntchito yokha, yokhala ndi pasiwedi, izigona mu kabati. Pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito pasalembedwe dzina la mwana. Aliyense, kuyambira a m'bodi, ongodzipereka, mpaka wosesa, asaine lonjezo losunga chinsinsi lomwe likupitirira ngakhale atasiya ntchito. A m'bodi asamawerenge mafayilo a uphungu. Udindo wawo ndi ndalama ndi ndondomeko. Ngati chipinda chabata palibe, pemphani ku tchalitchi kapena ku mzikiti kachipinda ka masana a pakati pa sabata. Alangizi anu awiriwo mukhale nawo pansi, muwauze zoona za momwe thumba lilili, ndipo mugwirizane masiku ochepa ogwira ntchito m'malo mowalonjeza malipiro omwe simukuwaona. Munthu wotopa ndi wanjala amene tsiku lonse akumva zowawa za ana, naye amafuna womumvetsera.

Pa za ndalama, dziwani kuti simuli nokha ndipo si kuti mwalephera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Bungwe lomwe linasaina bajeti ya makwacha kwacha isanagwe linadzuka ndalama zake zitafota. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, bungwe lake lopereka thandizo la USAID n'kutsekedwa pambuyo pake, ndipo mabungwe ambiri omwe ankadalira kumeneko anayamba kupikisana pa zitsime zochepa zotsalazo. Kuwonjezera apo, uphungu ndi ntchito yovuta kugulitsa. Mjigo umajambulika, chipinda cha kalasi chimajambulika. Mwana amene wasiya kulira usiku sajambulika. N'chifukwa chake opereka thandizo amathamangira kulipira misonkhano ndi matisheti, koma lendi ndi malipiro a mlangizi amazengereza.

Pokambirana ndi bungwe latsopanoli, limbani mtima pa zinthu zitatu. Lendi, mayunitsi ndi malipiro a alangizi zilowe mu bajeti ngati mtima wa ntchitoyo, chifukwa popanda chipinda chotseka ndi munthu wophunzitsidwa palibe uphungu. Mupemphe kuti mgwirizano unene chomwe chidzachitike kwacha ikadzagwanso. Ndipo muikemo ndime yonena kuti mbiri za ana zikhala m'manja mwanu. Kabati yachitsulo ndi loko muziikenso mu bajeti momwemo. Sindinaonepo wopereka thandizo wanzeru akukana zimenezo. Onetsetsaninso kuti mapepala anu ku NGORA, bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma lomwe linabwera ndi kusintha kwa lamulo mu 2022, ali m'malo mwake, malipoti apachaka ndi a zachuma omwe. Amene mabuku ake a ndalama ndi oyera amakana zopereka mayina mopanda mantha, poti palibe angamuganizire kuti akubisa kuba.

Musadalirenso chitsime chimodzi. Magulu a ophunzira akale a sukulu za sekondale amasonkha ndalama zomangira ndi kupenta. Ambiri mwa iwo anadutsa m'nkhanza zomwezi ali fomu 1 ndipo akhoza kumva pempho lanu. Mipingo, mizikiti ndi amalonda a m'tauni atha kutenga chinthu chimodzi chooneka, wina lendi ya mwezi, wina mayunitsi, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Ku University of Malawi komweko kuli ophunzira za kaganizidwe ka anthu omwe amafuna malo ophunzirira ntchito. Angakuthandizeni pa zophunzitsa m'sukulu, koma mafayilo ndi uphungu wa nkhani zolemera zikhale kwa alangizi anu. Ndipo muli ndi mwayi woti YONECO, yomwe imayendetsa nambala yaulere yothandiza ana ya 116, likulu lake lili mu Zomba momwemo. Ana anu onse aidziwe nambala imeneyi, kuti tsiku lomwe foni yanu yazima asasowe kolowera.

Nanga bungwe lija likaumirira kuti popanda mayina palibe ndalama? Pamenepo mukane, mwaulemu, polemba kalata, ndipo bodi ilembe m'mabuku ake chifukwa chake. Ndikudziwa kulemera kwa zomwe ndikunenazi. Zitha kutanthauza kuchepetsa ntchito, kubwerera ku sukulu ziwiri m'malo mwa khumi, mwinanso kutseka. Ndiye konzekerani zimenezo lero, zinthu zisanafike poipa. Lembani kuti mukadzatseka, mwana aliyense amene akadali pa uphungu adzauzidwa pamaso, ndipo adzafunsidwa ngati akufuna kutumizidwa kwina. Fayilo idzapita kwa mlangizi wina pokhapokha mwiniwake atavomera. Zosafunikanso zidzawotchedwa pamaso pa anthu awiri, mafoni ndi makompyuta adzafufutidwa asanagulitsidwe. Ngongole ya lendiyo ikundiopsa pa chifukwa chimenechi: eni nyumba akadzakhoma loko wawo pachitseko, kabati ya mafayilo idzatsekeredwa m'katimo pamodzi ndi mipando. Sabata ino, musanalembe n'komwe kalata yopita kunja ija, kakambiraneni ndi eni nyumbayo za ngongole, ndipo kaundula wa mayina uja mumusamutsire pa malo ena okiyika omwe bodi yagwirizana.